Wothira tameki pa chithaphwi kuti aphe mbalame, lamulo limamukhudza kapena ayi?

Nambewe265 analemba:

Abale anga muli bwanji nonse. Ndili ndi funso ndipo ndikupempha amene za malamulo kapena za nyama zakutchire mumazitsatadi mundithandize, chifukwa nkhaniyi yandisowetsa mtendere.

Kwathu ndi mbali ya ku Machinga ndipo mukudziwa mmene kumaumira ikafika October, madzi amangotsala mu zithaphwi zowerengeka kudambo nde mbalame za dera lonse zimakamwa pompo m'mawa ndi madzulo. Tsono pali anyamata ena ayamba kuthira tameki, mankhwala aja ophera tizilombo m'munda, m'madzimo, pena amaviika madeya kapena mpunga mu mankhwalawo nkumwaza m'mbali mwa chithaphwi. Kukacha amangopita ndi thumba kukatola, njiwa, nkhwali, nkhanga, ndi tating'onoting'ono tosawerengeka. Amachotsa matumbo ndi chithokomiro, kuwamba, basi kukagulitsa malo omwera mowa ndi pamsika. Ogula sadziwa kanthu.

Ine ndinapitako ndekha kukaona. Zimene sadya amangozisiya pomwepo, ndinapeza akabawi atafa, makhwangwala, ndi nantchengwa mmodzi ali moyobe atagona chammbali, zala zitafumbatana, kukamwa kukutuluka dovu, akuyesa kudzutsa mutu koma osatheka. Mbuzi zathu zimamwanso madzi omwewo. Ana amasewera pomwepo.

Chinanso, sabata yomweyo ana ena anagwira kadzidzi pa denga la tchalitchi, anamumanga chingwe kumwendo nkumamukhwekhwereza uku akumugenda mpaka kufa, akuluakulu ataima akuonerera ati ndi wa afiti.

Nde ndifunse. Kodi izi ndi mlandu pa malamulo athu kapena lamulo limangoona za njovu ndi ngaka? Ngati ndi mlandu munthu amakanena kuti, kupolisi, kwa amfumu, kapena kwa a gemu? Ndipo chovuta china nchoti mmodzi mwa anyamatawo ndi wachibale, sindikufuna kuti mwana wa eni akawolere kundende koma sindingathenso kungokhala chete.

Chimwala_LL anayankha:

Anambewe, mwachita bwino kufunsa. Yankho lachidule ndi loti eya ndi mlandu, ndipo si mlandu umodzi ayi.

Lamulo lake ndi la National Parks and Wildlife Act, linakhazikitsidwa 1992 ndipo analiunikanso 2004 kenako 2017. Anthu ambiri amaganiza kuti limagwira ntchito mkati mwa mpanda wa paki mokha, koma ayi, nyama yotetezedwa ndi yotetezedwa olo ikhale kuseri kwa nkhokwe yanu. Mulamulomo muli mitundu ya ziphaso zosakira ndipo chimodzi mwa izo ndi laisensi ya mbalame yeniyeni, kutanthauza kuti boma linaziganizira mbalame kuyambira kale. Komanso muli ndime ya njira zosakira zoletsedwa, poizoni alipo, ulimbo ulipo, misampha, maukonde ndi makhwekhwe, ukazigwiritsa ntchito pa zamoyo zotetezedwa popanda chilolezo walakwa. Tsono poizoni sasankha kuti iyi ndi njiwa iyi ndi yotetezedwa, aliyense wamwa pamenepo wapita. Pamwamba pa apo pali nkhani yothira mankhwala m'madzi amene anthu ndi ziweto amagwiritsa ntchito, ndi yogulitsa anthu ndiwo za poizoni, imeneyo ndi ya apolisi ndi a zaumoyo olo mbalame tizichotsemo.

Mu 2017 zilango anazikweza kwambiri. Zamoyo anazigawa m'magulu, ndipo gulu lapamwamba, mmene muli njovu, chipembere ndi ngaka, munthu atha kupita mpaka zaka 30 popanda mwayi wa chindapusa. Ndipo makhothi anayambadi kuluma, mukukumbuka mkulu wa ku China uja Lin Yunhua anamugamula zaka 14 mu 2021 pa nkhani ya nyanga za chipembere ndi ndalama zopeza mwachinyengo. Nde mukati lamulo limangoona njovu ndi ngaka, papepala si zoona, koma mmene zimayendera mukunena zoona ndithu, ndipo ine chimandipweteka ndi chimenecho. Tsegulani nyuzipepala, muona wagwidwa ndi ngaka, wagwidwa ndi minyanga, koma wopha mbalame thumba lonse ndi tameki simumumva.

Chifukwa chake si choti majisitireti alibe mphamvu. Vuto ndi umboni. Ngaka ukamugwira nayo munthu, nayi ili m'thumba, mlandu watha. Koma mbalame ya poizoni pofika masana yawambidwa, mawa yadyedwa, zotsala agalu ndi nyerere zamaliza. Kuti khothi likhulupirire kuti inafa ndi mankhwala pamafunika kuyeza ku labu, ndipo pamafunika munthu woimirira nkunena kuti ndinamuona uyu akuthira. M'mudzi aliyense ndi mlamu wa mnzake, ndani aimirire? Mlandu umafera pomwepo usanabadwe.

Ndipo kwanuko nkhaniyi ndi yayikulu kuposa mmene mukuionera. Ku Liwonde National Park kuli tizingolopiyo tating'ono tobiriwira ta nkhope yofiirira, dzina lake Lilian's lovebird, timagona m'mphako za mitengo ya tsanya, ndipo kuno ku Malawi kwawo kwenikweni ndi mu paki imeneyo basi. Dr Tiwonge Mzumara-Gawa anachita kafukufuku wa timbalame timeneti ndipo chimodzi mwa zoopsa zazikulu chimene chinaoneka ndi chomwechi, anthu kuthira poizoni m'zithaphwi nthawi ya chilimwe. Wothirayo amafuna njiwa kapena nyama ya ndiwo, koma timbalameti timamwa madzi pagulu, gulu lonse limatsika limodzi, nde chithaphwi chimodzi chitha kupukuta gulu lonse m'mawa umodzi. Mpanda umatchinga njovu koma mbalame imauluka, ikasowa madzi mkati imabwera kudambo kwanuko.

Zoti muchite. Musagwire mbalame zakufazo ndi manja. Jambulani ndi foni, chithaphwicho, mbalamezo, nyambo ya madeyayo, ndi mapepala a mankhwala ngati atayidwa pafupi, ndipo sungani tsiku. Mbuzi ndi ana asafikeko. Kauzeni amfumu ndi komiti ya zachilengedwe ya m'mudzi, kenako a gemu, poti muli pafupi ndi paki ya Liwonde imene bungwe la African Parks lakhala likuyendetsa limodzi ndi boma kuyambira 2015 ndipo ali ndi anthu oyenda m'midzi yozungulira. A Lilongwe Wildlife Trust nawonso amalandira nkhani za nyama zovulala ndi milandu ya zakutchire.

Za wachibaleyo ndikumvetsa. Mukhoza kuyamba mwakhala naye pansi ndi amalume ake, mumuuze poyera kuti izi zitha kumutengera kundende komanso zitha kupha munthu. Koma akapitiriza musamubise mayi, chifukwa tsiku limene mwana wa wina adzamwe madzi amenewo mlandu wake sudzakhalanso wa mbalame.

Mai_a_Chiku_Kachulu anayankha:

Ine ndine wa ku Chilwa, ndinakulira ndiwo za mbalame ndipo fizi yanga ina inachokera mu mbalame, nde ndilankhulepo pang'ono.

Achimwene a Chimwala mwafotokoza bwino koma pamene mwatchula ulimbo ndi maukonde pamodzi ndi poizoni mtima wanga wadumpha. Tisamaike onse mu dengu limodzi. Kwathu nyanja ikaphwa, ngati mmene inachitira 1995 ndi 2018, matemba kulibe, mpunga wapsa, munthu adye chani? Anthu amalowa mu mabawe kukatchera nkhukuzam'madzi ndi abakha akutchire, ndipo ndi zimene zapulumutsa mabanja zaka za njala. Komanso mpheta, amene sanalimepo mpunga sangamvetse, zimabwera chigulu mpaka mdima, mwana amajomba kusukulu kukhala pa nsanja kuyambira mbandakucha akukuwa ndi kuwomba zitini, ukangochokapo pang'ono munda watha. Munthu wotchera mpheta ndi ukonde ndi kukazinga mukamutcha chigawenga anthu a kumudzi lamulolo alida lonse, ndipo tsiku limene mudzafune kuti akuuzeni wothira tameki sadzakuuzani.

Sindikunena kuti kwathu zonse zili bwino ayi. Chilwa inalowa m'gulu la madambo ofunika pa dziko lonse pansi pa pangano la Ramsar mu 1997, yoyamba m'Malawi muno, ndipo ofufuza atawerenga cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 anapeza kuti mbalame zogwidwa pachaka zimapitirira 1 miliyoni. Nambala imeneyo inatiopsa ngakhale ife eni ake. Mbalame zina zimene zimatera pa Chilwa zimachokera kutali ku Ulaya ndi ku Asia kuthawa chisanu, zimauluka ulendo wonsewo nkudzathera mu khwekhwe la ulusi. Nchifukwa chake kunayambika makalabu a osaka mbalame mothandizidwa ndi a bungwe loteteza nyama zakutchire ndi chilengedwe la WESM, osaka eni ake nkugwirizana kuti malo akuti ndi oswerana musalowemo, nyengo yakuti mbalame zili pa mazira tisatchere, ophwanya alipe kwa amfumu. Pena zimayenda pena zimafooka, makamaka chaka cha njala, koma zinaonetsa kuti wosaka amamva akauzidwa ndi wosaka mnzake.

Koma za tameki, apo nde palibe kukambirana. Bambo anga anali wotchera moyo wawo onse ndipo munthu wa poizoni samamuwerengera ngati mlenje. Wotchera amagwira zimene akufuna, yaing'ono kapena yosadyedwa amaimasula, mawa abwereranso zilipo. Wa tameki amapha za lero, za mawa, zosadya, nsomba, achule, ndi galu wa mnzake. Anambewe, anyamata amenewo akuba ndiwo za mudzi onse, muwauze amfumu choncho, osayamba ndi nkhani ya lamulo la ku Lilongwe, yambani ndi mbuzi ndi ana ndi ndiwo, muona mmene anthu adzukire.

Phiri_wa_ku_Joni anayankha:

Moni nonse kumudzi. Ine ndili kuno ku South Africa, ndimagwira ntchito mbali ya Mpumalanga kufupi ndi paki ya Kruger, nde nkhani ya poizoni ndi mbalame kuno timaimva pafupipafupi ndipo ndikufuna muone kumene msewu umenewu umathera.

Mankhwala amene kwathu timati tameki kuno amagulitsidwanso m'misewu ndi m'ma taxi rank mu timapepala topanda dzina, ati ophera makoswe. Anthu amaphera agalu akafuna kuba panyumba. Ndipo mu October 2024 ana 6 anamwalira ku Naledi ku Soweto, atayeza anapeza kuti ndi mankhwala ena a kumunda otchedwa terbufos, omwenso amagulitsidwa mwa njira yomweyo. Nde asisi musaone ngati mukukokomeza, zinthu izi zimapha anthu.

Koma ine ndimafuna ndikambe za miimba. Mu May 2025 mkati mwa Kruger opha nyama mozembera anathira poizoni pa mtembo wa njovu, miimba 123 inafera pompo. Ina 84 anaipeza ili moyo, a SANParks, oyang'anira mapaki a kuno, ndi a bungwe la Endangered Wildlife Trust anathamanga ndi magalimoto ndi helikopita, kuibaya jakisoni, kuimwetsa madzi, kuinyamula kupita nayo kosamalira nyama, ndipo yambiri inachira. Ku Botswana mu June 2019 zinali zoposa apa, miimba 537 ndi ziwombankhanga 2 pa mitembo itatu ya njovu. Tangoganizani mitembo itatu yokha.

Amachitiranji zimenezi? Zifukwa zilipo zingapo. Muimba ukaona nyama yakufa umazungulira m'mwamba, anzake amauona ali kutali nkubwera, nde a gemu akaona miimba ikuzungulira amadziwa kuti apo pagwa chinthu. Opha njovu safuna zimenezo, amathira poizoni dala kuti athane ndi mboni. Ena ndi alimi a ng'ombe ofuna kupha mkango kapena fisi amene wawagwirira chiweto, miimba imangoferamo. Ndipo ena amafuna mitu yake, pali chikhulupiriro choti poti muimba umaona patali ndiye bongo wake ungakuonetse za kutsogolo, manambala a lotto, mpira, mayeso. Ku Guinea-Bissau mu 2020 inafa yoposa 2,000 ndipo ina mwa iyo inapezeka yodulidwa mitu. Izi ndi zabodza abale, muimba uli ndi maso akuthwa basi, ndipo amene amagula mutu wa muimba wophedwa ndi poizoni nkumasuta kapena kumwa akudzithira yekha poizoniyo.

Chopweteka kwambiri nchoti muimba umaikira dzira limodzi pachaka, ndipo umatenga zaka zingapo usanayambe kuswa. Ukapha makolo nthawi yoswana mwaphanso mwana ali pachisa akudikira chakudya chimene sichidzabwera. Mu 2015 a IUCN, bungwe la padziko lonse loona za chilengedwe, anaika mitundu 4 ya miimba ya mu Africa pa gulu la zotsala pang'ono kutheratu. Ndipo ku India anaona kale zotsatira zake, kumeneko sanali achiwembu, anali mankhwala a ng'ombe otchedwa diclofenac amene amawononga impso za muimba ukadya ng'ombe yakufa. Miimba inatsika ndi zoposa 95 pa 100 iliyonse, mitembo ya ng'ombe inayamba kungowola paliponse, agalu osowa mwini anachuluka, chiwewe chinakwera. Anawaletsa mankhwalawo pa ziweto mu 2006 koma mpaka lero miimba sinabwerere mwakale.

Za malamulo kuno alipo okhwima ndithu pa zamoyo zotetezedwa, koma milandu ya miimba yofika poti munthu wamangidwa ndi yochepa poyerekeza ndi imfa zake, chifukwa chomwe anena a Chimwala, wothirayo amakhala atapita kalekale. Chimene ndaona kuti chikuthandiza ndi kuthamanga. Miimba ina anaimangirira tizipangizo ta GPS, kakangoonetsa kuti mbalame yatera malo amodzi osasuntha anthu amanyamuka nthawi yomweyo, akafika amapulumutsa zamoyo, kutenga umboni, nkuwotcha mtembowo kuti zina zisadye.

Ndipo kwathu tili ndi chotaya. Ku Liwonde miimba inali itasowa, inayamba kubwerera pamene anabweretsa ma cheetah mu 2017 kenako mikango 2018, poti tsopano kunali zotsala zoti idye. Muimba umauluka mtunda wautali zedi tsiku limodzi, wa ku Liwonde utha kukadya ku Mozambique nkubwerera. Mbuzi imodzi yofa ndi madzi a pa chithaphwi chanucho, itasiyidwa padambo, ikwanira kubweza ntchito yonseyo m'mbuyo.

NursePa_Leeds anayankha:

Anambewe pepani ndi zimene mwaona. Ine ndine namwino, ndili ku UK, ndiyambe ndi za umoyo chifukwa pali bodza limene likufunika kuthetsedwa. Zoti ukachotsa matumbo ndi chithokomiro nyama yatsala ndi yabwino si zoona. Mbalame kuti ife ndiye kuti mankhwala alowa kale m'magazi, ndipo kuwamba pamoto si chitsimikizo choti achoka. Wamkulu atha kungomva mutu ndi m'mimba nkumati ndi mowa, koma mwana thupi ndi laling'ono. Zizindikiro zake ndi dovu lambiri, thukuta, kusanza, kutsegula m'mimba, timaso kuchepa kwambiri pakati pakudapo, minofu kunjenjemera, ndi kubanika. Mukaona zimenezo mwa munthu amene wadya mbalame zogula musataye nthawi ndi mkaka kapena kumusanzitsa, thamangani naye kuchipatala ndipo mukanene kuti mukuganizira tameki, mankhwala othandiza alipo akafika msanga. Mukawauzenso a zaumoyo a m'dera lanu, iwowo ali ndi mphamvu pa zakudya zogulitsidwa pamsika.

Tsono za malamulo ndikuuzeni za kuno, kuti musaganize kuti ndi vuto la ife osauka tokha. Kuno kuli lamulo la 1981, Wildlife and Countryside Act, limateteza mbalame zakutchire pamodzi ndi mazira ake ndi zisa zimene zikugwiritsidwa ntchito, kupatula zimene zili ndi nyengo yake yosaka kapena chilolezo. Kungotenga dzira pachisa ndi mlandu. Koma mbalame zolusa zikuphedwabe, kuwombera, misampha, ndi nyambo za poizoni, ndipo bungwe loteteza mbalame la RSPB chaka ndi chaka limatulutsa lipoti losonyeza kuti zambiri zimachitika kufupi ndi minda ikuluikulu kumene anthu olemera amalipira ndalama zambiri kuti akawombere mbalame zamasewera. Mbalame yolusa ikamadya timbalame tawoto imaoneka ngati mdani wa bizinesi. Malo ake ndi kumapiri kopanda anthu, mboni palibe, nde olo kuno kumene kuli ma labu ndi makamera ndi apolisi apadera a za nyama, omangidwa ndi ochepa. Ku Scotland anafika posintha lamulo kuti bwana mwini malo aziyankhanso mlandu wantchito wake akapha mbalame, ndipo mu 2024 anakhazikitsa zoti malo owomberako mbalame zotchedwa grouse azikhala ndi laisensi imene itha kulandidwa. Mfundo imeneyo ine ndimaiona yanzeru ngakhale kwathu, osangogwira mnyamata wotola njiwa, koma kufunsanso amene akumugulitsa mankhwalawo mu timapepala ndi amene akumuoda mbalamezo.

Palinso nkhani ina imene inandikhudza poti ikukhudza kwathu konkuno. Mkulu wina wokulira ku Zimbabwe, Jeffrey Lendrum, anagwidwa pa bwalo la ndege la Birmingham mu 2010 ali ndi mazira 14 a mphamba za mtundu wa peregrine atawakulunga m'masokosi nkudzimangirira pathupi kuti asazizire, akupita nawo ku Dubai. Anamangidwa, anatuluka, mu 2018 anagwidwanso pa Heathrow akuchokera ku Johannesburg ndi mazira ena pamimba, ena mwa iwo a miimba ndi a nkhwazi, ndipo anagamulidwa zaka 3 ndi mwezi umodzi. Nkhwazi yomweyi ili pa chizindikiro cha dziko lathu, yomwe ili pa mbendera ya Zambia. Ndiye kuti mbalame zathu kunja kuno zili ndi mtengo, pali anthu okonzeka kukwera ndege chifukwa cha dzira limodzi, pamene ife tikuzithira tameki kuti tipeze ya sopo.

Chimwala_LL anayankhanso:

Mayi a Chiku, mfundo yanu ndailandira ndipo sindikutsutsa. Mwana wa legeni, mlimi wotchera mpheta pamunda wake, ndi munthu wothira poizoni pa madzi a mudzi ndi anthu atatu osiyana, ndipo lamulo likawagwira mofanana anthu adzangolithawa. Kungoti ulimbo ine ndili nawobe ndi mawu, chifukwa nawonso susankha ndipo imfa yake ndi yowawa, kambalame kamakhala kakuphupha pa kamtengo dzuwa lonse mpaka nthenga kuzuka, kena kuthyoka phiko, mwini ulimbo akubwera madzulo. Amene amatchera azikhala pafupi nkumaonjola msanga, zosadyedwa azimasule.

Ndinaiwala kuyankha za kadzidzi. Anawo sitingawatengere kupolisi, amachita zimene amva kwa akulu, koma akuluakulu oimirira aja ndi amene akufunika kuwalankhula, ndipo poti zinachitikira pa tchalitchi abusa kapena akulu ampingo ndi poyambira pabwino, komanso aphunzitsi, masukulu ambiri ali ndi makalabu a zachilengedwe. Kuzunza nyama mwadala, kuimanga nkumaikhwekhwereza, kulinso ndi lamulo lake lakale loteteza nyama ku nkhanza, ndipo a bungwe la LSPCA ku Lilongwe ntchito yawo ndi yomweyo. Kadzidzi amakhala pa denga la tchalitchi kapena la sukulu chifukwa mitengo ya mphako tinadula, ndipo amabwera pafupi ndi nyumba chifukwa pali nkhokwe ndipo pa nkhokwe pali makoswe. Banja limodzi la akadzidzi likamalera ana limagwira makoswe ndi mbewa usiku uliwonse, angapo pa usiku umodzi. Mukawapha makoswe amachuluka, anthu amakagula tameki wophera makoswe, khoswe wodya tameki akadyedwa ndi kadzidzi wina kapena mphaka naye amafa, ndipo paketi yotsala ija ndi yomwe mnyamata amatenga kupita nayo kudambo.

Chomaliza Anambewe, a gemu kapena a zaumoyo akabwera nkuona, mbalame zakufazo ndi nyambo yotsalayo zisatayidwe kutchire kapena kudzala, ziwotchedwe kapena zikwiriridwe mozama kutali ndi madzi, wogwira avale magolovesi kapena mapepala apulasitiki m'manja. Chithaphwicho chitchingidwe ndi minga mpaka mvula itagwa yokwanira, ndipo amfumu alengeze pamsonkhano kuti mbalame zowamba zosadziwika kochokera anthu asiye kaye kugula.